Mmene Mungasankhire, Kuyesa ndi Kusamala Chidole cha Transformers cha M'ma 1980

Zidole za maloboti osanduka galimoto, ndege ndi mfuti zomwe kampani ya Hasbro inatulutsa ku America mu 1984 zadutsa tsopano zaka 40. Ana omwe ankazigubuduza pansi lero ndi madoda a imvi, ndipo ndi omwewo akuzisaka m'misika ya zinthu zakale ndi pa intaneti. Zomvetsa chisoni n'zakuti chidole chimene chinapulumuka m'manja mwa mwana wa zaka 7, n'kugona zaka 30 m'katoni, nthawi zambiri chimakafera m'manja mwa munthu wamkulu tsiku lomwe wachigula. Wafika nacho kunyumba mtima uli dyokodyoko, wapinda mwendo mokakamiza, thyo! Kapena wachipukuta ndi sipiliti kuti chiwale, utoto wonse n'kutsalira pa kansalu. Choncho mbali yaikulu ya malangizo awa ikukamba za kuugwira mtima.

Choyamba: sankhani mtundu musanatulutse ndalama

Zidole za dzina la Transformers zilipo zambirimbiri ndipo zikupangidwabe. Zakale zenizeni, zomwe osonkhanitsa amazitcha G1, ndi za kuyambira 1984 kufika cha mu 1990. Zoyambirira sizinali za Hasbro ayi. Zinali za kampani ya ku Japan ya Takara, ndipo zinali m'magulu awiri osiyana, Diaclone ndi Micro Change. Hasbro inagula chilolezo, inaphatikiza maguluwo, kenako olemba a ku Marvel, kampani ya mabuku a nthano za zithunzi, anazipatsa maina ndi nkhani ya nkhondo ya magulu awiri a maloboti, Autobots ndi Decepticons. N'chifukwa chake misinkhu yake siigwirizana: loboti ya wailesi ya kaseti imaima motalika kuposa loboti ya galimoto.

Za ku Diaclone ndi magalimoto ndi ndege zenizeni. Optimus Prime ndi thiraki yofiira ya Freightliner yokoka ngolo, Jazz ndi Porsche 935, Sideswipe ndi Lamborghini Countach, Prowl ndi Datsun 280ZX ya apolisi, Starscream ndi ndege yankhondo ya F-15. Mukatsegula pachifuwa pa Optimus mupeza mipando yopanda munthu. Ku Japan mipandoyo munkakhala tizidole ta oyendetsa, koma Hasbro inatichotsa popeza m'nkhani yake malobotiwo ndi amoyo, safuna dalaivala.

Za ku Micro Change ndi zinthu zoti mwana azigwire ngati zenizeni. Megatron amasanduka mfuti ya Walther P38. Soundwave amasanduka kawailesi ka kaseti, ndipo mukadina batani la paphewa chitseko cha pachifuwa chimatseguka n'kuonetsa kaseti yomwe nayonso imasanduka mbalame, nyama yonga kambuku kapena kaloboti. Bumblebee, ka Volkswagen kachikasu kokwana m'chikhatho, nakonso n'kochokera kumeneku.

Mu 1985 kunabwera ma Dinobots, osanduka zinyama zamakedzana za dinosaur, omwe mtsogoleri wawo ndi Grimlock, ndi ma Constructicons 6 obiriwira, magalimoto a zomangamanga omwe amalumikizana n'kukhala chiloboti chimodzi, Devastator. Kunabweranso Jetfire, ndege yoyera yomwe kwawo kwenikweni ndi ku katuni ya ku Japan ya Macross. Pambali pa zonsezi panali ma GoBots a kampani ya Tonka, omwe anafika pamsika wa ku America mu 1983 kuchokera ku Machine Robo ya Bandai. Ndi ang'onoang'ono, osavuta kusandutsa, ndipo anthu amawaderera, koma ambiri ali ndi chitsulo chambiri ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Kwa ine, munthu woyamba kumene ayambe ndi Soundwave. Ndi wolimba, sachedwa kusanduka, ndipo ngakhale atasowa zida amaonekabe wathunthu. Starscream ndi Devastator adikire kaye. Zidole ziwirizi zimadalira tizigawo tomasuka, ndipo Starscream wopanda mapiko ndi nkhonya ndi chipapati chabe chimene mudzathera ndalama zambiri kuchikwaniritsa kuposa zimene munachigulira.

Chachiwiri: kosaka

Amene muli ku Britain muli ndi mwayi: m'misika ya Loweruka ndi Lamlungu imene anthu amagulitsa katundu wakale kuchokera m'buti ya galimoto, komanso m'mashopu a mabungwe achifundo, zidolezi zimatulukirabe apo ndi apo. Ku South Africa yang'anani m'misika ya zinthu zakale ndi pa Facebook Marketplace. Pa msika wa pa intaneti wa eBay pali chilichonse, koma ogulitsa kumeneko amadziwa mitengo. Kwathu kuno n'kukaunjika, pamene atsegula belo la zidole. Musayembekezere zambiri, chifukwa maloboti ambiri a m'mabelo ndi a mafilimu a kuyambira 2007, apulasitiki okhaokha. Komabe pakuta mpaka pansi pa mulu, popeza chidole chachitsulo chimalemera ndipo chimatsikira pansi pamodzi ndi tinkhonya ndi timfuti take.

Chachitatu: chiyeseni chili m'manja, musanalipire

Apa ndiye pofunika kutaya nthawi. Yambani ndi kulemera. Magalimoto okulirapo a 1984 ndi 1985 ali ndi zigawo zachitsulo, amazizira mukawagwira, ndipo matayala ake ndi alabala. Kuyambira 1986 chitsulo chinayamba kuchepa, choncho kupepuka pakokha sikutanthauza kuti chidole n'chabodza, koma Jazz kapena Sideswipe wopepuka ngati pepala ayenera kukukayikitsani.

Kenako tembenuzani, funani malemba ang'onoang'ono odindidwa pa pulasitiki, kawirikawiri kunsi kwa galimoto, kumsana kapena mkati mwa mwendo. Tochi ya foni ikuthandizani. Pa zidole zoyambirira mupeza dzina la Takara ndi mawu oti Japan, ndipo pa zotsatira pali Hasbro ndi Takara onse awiri. Zaka zolembedwa pamenepo zisakupusitseni. Mukaona 1980 ndi 1982 pa galimoto, kapena 1974 ndi 1983 pa Soundwave, sikuti chidolecho chinapangidwa zaka zimenezo. Ndi zaka za umwini wa mapangidwe ake ku Japan. Wogulitsa akakuuzani kuti Soundwave wake ndi wa 1974, akunama kapena sakudziwa. Pa Jetfire ndi pa ma GoBots musadabwe kupeza dzina la Bandai m'malo mwa Takara.

Funaninso kasitika kakuda ka makona anayi. Mukakatikita ndi chala, kutentha kwa thupi kumatulutsa chizindikiro cha Autobot kapena cha Decepticon. Timasitika timeneti tinayamba mu 1985 pofuna kusiyanitsa zidole za Hasbro ndi za makampani okopera. Chidole cha gulu loyamba chopanda kasitikaka, komanso chopanda chipsera cha guluu pamalo pake, chikhoza kukhala cha 1984 penipeni, ndipo ena amachikonda kwambiri chifukwa cha chimenecho. Kasitika kakakana kusintha mtundu musadandaule, tambiri tinafa ndi ukalamba.

Tsopano yang'anani malo amene chidole chilichonse chimakonda kuthyokera, chifukwa chilichonse chili ndi nthenda yake. Prowl ndi abale ake a Datsun amathyoka denga ndi magalasi akumbuyo, omwe ndi pulasitiki yoonekera yopyapyala. Jazz nayenso ndi denga. Mirage, kagalimoto kampikisano kabuluu, amaduka m'chiuno. Optimus amathyoka mapaipi a utsi a m'mapewa. Megatron amakonda kuthothoka mkono ndipo siliva wake amayuka. Jetfire amasanduka wachikasu ndipo mapewa ake amang'aluka. Unikani ndi tochi m'malo amenewa. Mukaona kachizindikiro koyera ngati mtsempha pa pulasitiki yamtundu, dziwani kuti pamenepo panapindidwa mopyola ndipo patsala pang'ono kuduka. Ufa woyera wouma m'mbali mwa cholumikizira ndi chizindikiro cha supa guluu, kutanthauza kuti pamenepo panathyokapo kale.

Pali nthenda ina yosachiritsika. Zidole zina za kumapeto kwa m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 zili ndi zigawo za pulasitiki yagolide yokhala ndi timizere tonyezimira mkati. Pulasitiki imeneyi ikakalamba imafumbutuka yokha ngati chigumu chouma, ngakhale osaigwira mwamphamvu. Palibe guluu kapena mafuta amene amailetsa. Chidole chotere mukachigula, chigulireni kuyang'ana, osati kusandutsa.

Pomaliza werengani zigawo. Optimus wathunthu ali ndi nkhonya ziwiri, mfuti, ngolo, kagalimoto ka matayala 6 kotchedwa Roller, kapaipi ka mafuta ndi timizinga. Musaiwale kutsegula pachifuwa, chifukwa ana ambiri ankabisa nkhonya m'mipando ija ndipo wogulitsa mwina sanayang'anemo. Kwa Soundwave tsegulani kachivundikiro ka kumsana. Mumakhala tinthu tiwiri tooneka ngati mabatire, koma ndi mfuti yake ndi mzinga wa paphewa. Chilichonse chosowa chikhale chifukwa chonenerera mtengo.

Chachinayi: siyanitsani chakale, chobwereza ndi feki

Zidole zotchuka zinatulutsidwanso kangapo. Takara ndi Hasbro anabwereza zambiri kumayambiriro kwa m'ma 2000, ndipo kuyambira 2018 Hasbro inagulitsanso zina m'masitolo a Walmart m'mabokosi ofanana ndi akale. Zimenezi ndi zovomerezeka, si zabodza, ndipo malemba ake kawirikawiri amati China. Zina zinasinthidwa potsata malamulo oteteza ana: Optimus wa Hasbro wa 2002 ali ndi mapaipi a utsi afupiafupi. Ngati cholinga chanu n'kusandutsa chidole madzulo alionse kapena kuonetsa ana, chobwereza n'chabwino kuposa chakale, pulasitiki yake ikadali ndi mphamvu.

Feki ndiye vuto. Pali mafakitale amene amakopera chidole, bokosi, masitika ngakhalenso malemba odinda aja. Chenjerani ndi chidole cha 1984 chimene chili m'bokosi losatsegula, loyera mbee, pamtengo wotsika, makamaka wogulitsa akakhala nazo zingapo zofanana. Bokosi la zaka 40 limakhala ndi makona ofooka ndipo selotepu yake imakhala itachita chikasu. Mukayang'ana chidolecho osati bokosi, feki imakhala ndi malemba osaoneka bwino, zolumikizira zolimba mopyola kapena zogwedera, ndi masikuluwu onyezimira ngati agulidwa dzulo. Pogula pa intaneti pemphani zithunzi za chidole chomwecho, kutsogolo, kumbuyo, pamalemba ndi pa malo othyokathyoka aja. Akakana, musiyeni.

Chachisanu: kusandutsa koyamba

Musayambe ndi kuganizira nokha. Mapepala a malangizo a pafupifupi zidole zonse za G1 anajambulidwa ndipo ali pa intaneti, komanso pa YouTube pali anthu amene amasandutsa chidole chilichonse pang'onopang'ono. Onerani mpaka kumapeto musanagwire chanu.

Yalani thaulo patebulo kuti kanthu kakagwa kasadumphire pansi. Ngati m'chipinda mukuzizira, siyani chidolecho chifunde kaye, chifukwa pulasitiki yozizira siichedwa kuthyoka. Popinda mkono kapena mwendo, gwirani pafupi penipeni ndi cholumikizira, osati kunsonga. Chigawo chikakana, imani. Kawirikawiri ndiye kuti pali chigawo china chimene chimayenera kusuntha choyamba, kapena dzimbiri lagwira kachitsulo ka mkati. Ngati pali sikuluwu pafupi, imasuleni pang'ono chabe muyesenso.

Nkhani ya masikuluwu njofunika. Zidole za ku Japan zili ndi masikuluwu a mtanda a muyezo wa kumeneko wotchedwa JIS. Amafanana ndi a masiku onse, koma sikuludiraiva wamba imaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu. Ngati simungapeze ya JIS, sankhani kakang'ono kolowa bwinobwino, kanikizani mwamphamvu pansi, n'kupotokola pang'onopang'ono. Pobwezeretsa, yambani mwapotokolera kumanzere mpaka mumve kuti yakhala m'njira yake yakale, kenako mangani, ndipo ikangogwira siyani. Mukamangitsa, kamzati kapulasitiki ka mkati kamang'aluka.

Chachisanu ndi chimodzi: kutsuka

Jambulani chidolecho mbali zonse musanamasule chilichonse, ndipo pitirizani kujambula pamene mukumasula. Masikuluwu amasiyana kutalika, choncho aikeni papepala mwa dongosolo limene anachokera, ndipo samalani ndi timasipuling'i, timathawa.

Yambani ndi kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa kouma. Kenako sungunulani kadontho ka sopo wotsukira mbale m'madzi ofunda, osati otentha. Viikani kathonje ka m'makutu, finyani, n'kumapukuta malo amodziamodzi, mukuzungulira masitika osawakhudza. Masitika akale ndi apepala, akanyowa amatupa n'kusupuka. Zigawo zapulasitiki zomwe mwamasula, zopanda sitika, zopanda utoto ndi zopanda chitsulo, mungathe kuziviika n'kuzitsuka ndi mswachi wofewa. Chidole chathunthu musachimize m'madzi, chifukwa madzi otsalira mkati amadyetsa dzimbiri timapini ndi masipuling'i omwe simungawafikire.

Zigawo zonyezimira ngati siliva kapena golide si zachitsulo. Ndi pulasitiki yokutidwa ndi kautoto kopyapyala kwambiri. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kouma, kamodzi, mopepuka. Sipiliti, thinala, mankhwala ochotsera kyutekisi ndi polishi wa zitsulo zisayandikire chidole chanu. Zina mwa izo zimachotsa utoto, pamene zina zimasungunula pulasitiki yeniyeniyo.

Masikuluwu adzimbiri aviikeni mu viniga kwa maola angapo, atsukeni, aumitseni bwino, n'kuwapaka kamafuta ka makina osokera, kenako pukutani kuti mafutawo asakhudze pulasitiki kapena matayala. Pa zidole za mabatire monga Shockwave ndi Galvatron, tsegulani mokhala mabatire tsiku loyamba lomwelo. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, chotsani batire lakale, pukutani tizitsulo ndi kathonje ka viniga, kenako kena kouma. Zonse ziume pamthunzi tsiku lathunthu musanamange.

Chachisanu ndi chiwiri: zokonza, ndi zoyenera kungozisiya

Pulasitiki yoyera imachita chikasu ndi zaka, makamaka ikakhala padzuwa. Anthu amaiyeretsa ndi hydrogen peroxide, wa madzi wa ku famase kapena wa kirimu amene amagwiritsa ntchito m'masaluni posintha mtundu wa tsitsi. Njira yake ndi iyi: masulani chigawocho chokha, chopanda chitsulo, utoto ndi sitika, chiikeni m'botolo loonekera chitamira chonse mu mankhwalawo, ikani padzuwa, ndipo muzichitembenuza ndi kuchiyang'ana ola lililonse. Chivundikiro musamange, mankhwalawo amatulutsa mpweya. Valani magolovesi ndipo tetezani maso. Chikayera, tsukani ndi madzi ambiri. Dzuwa la kwathu la mu Okutobala limafulumizitsa ntchitoyi kuposa mmene amanenera anthu a ku Ulaya, choncho musachisiye n'kupita kumsika.

Koma ganizani kawiri. Njirayi ndi ya zoyera ndi zotuwa. Pa pulasitiki yabuluu kapena yofiira imasiya mawangamawanga osachoka, ndipo wa kirimu akauma mbali imodzi amasiya mizere. Komanso chikasucho chimabwerera pakapita zaka. Jetfire amene wafika pooneka ngati tiyi wamkaka ndi woyenera kuyesa. Kachikasu kapang'ono kokha, ine ndimati kasiyeni.

Cholumikizira chogwedera n'chosavuta. Masulani, pakani kyutekisi woonekera pang'ono kwambiri pa kamutu kolowa, dikirani aume gwa, kenako lowetsani. Ngati chikugwederabe, onjezerani kachiwiri. Mukalowetsa asanaume, mwamata cholumikizira mpaka kalekale. Supa guluu musamugwiritse ntchito pafupi ndi pulasitiki yoonekera, nthunzi yake imachititsa khungu galasi. Malo othyoka amene amapindika, monga chiuno cha Mirage, guluu aliyense sakhalitsa. Njira yabwino n'kugula chidole china chowonongeka cha mtundu womwewo n'kuchotsako chigawo chabwino.

Masitika atsopano okopera akale amagulitsidwa pa intaneti, chimodzimodzinso nkhonya, mizinga ndi matayala. Palibe cholakwa kuwagula ngati chidolecho n'chanu chosunga. Koma sitika yakale ikakhala yangotukuka m'mphepete, ibwezereni ndi kaguluu ka mapepala pansonga ya chotokosera m'mano m'malo moisupula yonse. Osonkhanitsa amalipira zambiri pa chidole chofwifwa koma chosakhudzidwa kuposa chonyezimira chopentedwanso. Mukadzafuna kugulitsa, nenani poyera chigawo chilichonse chimene si choyambirira.

Chachisanu ndi chitatu: kusunga ndi kunyamula

Adani ndi atatu: dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Pawindo ndi malo oipitsitsa, ndipo pamwamba pa wadiropu pansi pa malata opanda siling'i pamatentha mokwanira kupinda pulasitiki ndi kuumitsa matayala. Kabati ya galasi imene ili kutali ndi windo ndi yabwino. Nthawi ya dzinja ikanimo timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Tizigawo ta chidole chilichonse tiikeni m'kathumba kakekake kolembedwa dzina, ndipo musamange chidole ndi labala ya ndalama, imasungunuka n'kumatirira pa utoto. Ngati muli ndi bokosi loyambirira kapena kakhadi ka kumbuyo kwake kofotokoza mphamvu za loboti, kamene kankawerengedwa ndi kapulasitiki kofiira, zisungeni m'chotengera chotseka bwino, chifukwa mphemvu ndi chiswe sizisankha katoni.

Poyenda ulendo, sandutsani chidole chikhale galimoto kapena ndege, popeza chikatero ziwalo zake zimabisika mkati. Chotsani zonse zomasuka, kulungani m'pepala lofewa, n'kuika m'kabokosi kolimba pakati pa zovala. Megatron yekha ndiye wosiyana: ayende ali loboti, zigawo za mfuti zili padera, m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Akakhala mfuti amafanana kwambiri ndi yeniyeni, moti Hasbro itatulutsanso gululi kumayambiriro kwa m'ma 1990 inamusandutsa kasinja wobiriwira. Maiko ena amaletsa kulowetsa zidole zooneka ngati mfuti, choncho fufuzani malamulo a dziko lomwe mukupita musanamunyamule kapena kumuitanitsa pa positi.